Ikadali mfuti yomwe ija?

Ku Mbayani chinthu sichitayidwa msanga. M'mbali mwa msewu wochokera m'tauni kulowera ku Chemusa ndi Chirimba, mbaula yobooka imaikidwa chigamba, ambulera yothyoka imalandira nthiti za inzake, ndipo njinga ya kabaza imene yasinthidwa matayala, tcheni, chishalo, mahandulo ndi foloko, mwini wake amaitchabe njinga yake. Akafika kwa wokonza amangoti, "Achimwene, njinga yanga ija mwafika nayo pati?" Palibe amene amaima n'kuwerenga kuti pa zitsulo zimene zinatuluka m'sitolo tsiku logula lija zatsalapo zingati. Nthawi zina yatsala ndi fulemu yokha, nayonso yowotcherera pawiri.

Pa njinga funsoli ndi la macheza chabe. Limayamba kulemera chinthu chokonzedwacho chikakhala mfuti yakale ya nkhondo, monga zija za mtundu wa Lee-Enfield zimene ambiri ankangozitchula kuti 303. Mfuti zimenezi ndizo zinali pamapewa a asilikali a King's African Rifles (KAR), gulu limene linalandira dzinali mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a kuno, likulu lawo ku Zomba. Anyamata a dziko lino anazinyamula polimbana ndi Ajeremani pa nkhondo imene inayamba mu 1914, anazinyamulanso ku Ethiopia ndi ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Yoyamba ija makolo anaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo mosapumira. Lero mwana wa ku Mbayani akamva za chiwaya malovu amadzadza m'kamwa, akuganiza za tchipisi.

Mfuti sikalamba thupi lonse pamodzi. Imatha kachigawo ndi kachigawo, ndipo kachigawo kalikonse kamadwala mwamtundu wake. Ndiye chifukwa chake mmisiri wa zida wa gulu la nkhondo ankayamba ngati sing'anga, kufunsa kaye kuti ikutani. Msilikali akanena kuti akaombera n'kukoka bolt, chitsulo chija chotsekera chipolopolo mumpope, chigoba cha mkuwa chikutsalira m'kati, mmisiri ankathamangira kambedza kamene kamakola mlomo wa chigobacho: mwina kaperepeseka, mwina kasipuling'i kake kafooka. Akanena kuti zipolopolo sizikukwera bwino, diso linkapita pa magazini, kabokosi kolowa zipolopolo 10, kamene milomo yake imapindika mfuti ikagwera pamwala. Akanena kuti akulozera apa koma chikugwera uko, nthawi zambiri vuto silinali la chitsulo ayi, linali la mtengo. Thabwa logwira mpope likauma kwambiri kapena likamwa oilo mpaka kufewa, zitsulo zimayamba kugwedera pogona pake, ndipo kugwedera kochepa ngati tsitsi pano kumasanduka kuphonya kwakukulu uko kutali.

Nthenda yobisika kwambiri inali kampata ka pakati pa nkhope ya bolt ndi thako la chipolopolo. Mfuti ikaombedwa kambirimbiri zitsulo zimakankhana, kampatako n'kumakula pang'onopang'ono, ndipo kakapyola muyezo chigoba chimatanuka, mwinanso kung'ambika, utsi wamoto n'kubwerera kumaso kwa woombera. Ndi maso sikaoneka. Mmisiri ankakayeza ndi tizitsulo topangidwira ntchito yomweyo. Amene anapanga Lee-Enfield ya No. 4, imene inalowa m'manja mwa asilikali kuyambira 1941, anadziwiratu kuti zidzatero. Mutu wa bolt anaupanga wochotseka, wa misinkhu yosiyana, yodindidwa 0, 1, 2 ndi 3. Kampata kakakula, mutu wa 1 unkachoka, wa 2 n'kulowa. Ngakhale thako la mtengo linalipo lalifupi, lapakati ndi lalitali, kuti msilikali wa mikono yaifupi asavutike. Mfutiyi inabadwa ikuyembekezera kusinthidwa ziwalo.

Mpope wokha unali ndi adani atatu. Wonga wa cordite unkayaka motentha kwambiri n'kumadya khosi la mpopewo. Mankhwala oyatsira chipolopolo ankasiya mchere wokoka chinyezi, ndipo oilo sasungunula mchere, choncho asilikali ankathira madzi owira kudutsa mumpope akatha kuombera. Akazengereza m'mvula ya ku Burma, m'mawa ankapeza dzimbiri litamera kale. Mdani wachitatu ndi wodabwitsa: ukhondo womwe. Kuthako kwa mfuti kunali kachitseko kosungiramo kabotolo ka oilo ndi chingwe chokokera kansanza mumpope. Msilikali wokoka chingwecho mopendekera, tsiku ndi tsiku kwa zaka, ankapala mlomo wa mpope mbali imodzi mpaka mfuti kuyamba kuphonya. Wakhama pakutsuka ankatha kuononga chida chake kuposa waulesi.

Zing'onozing'ono zikachuluka, mfuti inkabwerera ku fakitale kukaphwasulidwa yonse. Kumeneko mpope, matabwa, masipuling'i ndi bolt yomwe zinkatha kusinthidwa, pachitsulo n'kudindapo zilembo FTR, kusonyeza kuti yakonzedwa mokwanira. Bolt yochokera ku mfuti ina ankaifufuta nambala n'kuidinda ya mfuti imene yalowamo. Motero mfuti imodzi imatha kukhala ndi thupi la ku Fazakerley ku England, kachitsulo ka ku Long Branch ku Canada ndi thabwa loikidwa zaka 10 nkhondo itatha. Munthu akaloza mfuti yotere n'kunena kuti iyi inali ku Burma, akunena zoona za chitsulo chiti?

Agiriki anafunsa kale funso lomweli, koma pa ngalawa. Plutarch analemba kuti anthu a ku Athens anasunga ngalawa ya Theseus kwa mibadwo yambiri, thabwa likaola n'kuikapo lina, mpaka anthu anzeru anagawikana: ena ankati ndi yomwe ija, ena ankati ndi ina. Mu 1655 Thomas Hobbes anawonjezera chisokonezo. Anati bwanji munthu wina atamatola matabwa otayidwawo, n'kuwalumikizanso onse. Pa ngalawa ziwirizo, ya Theseus ndi iti? Wokonza njinga wa ku Mbayani, amene kuseri kwa benchi yake kuli mulu wa mafoloko ndi malimu ochotsedwa, akhoza kuchita zimene Hobbes ankangoganizira, Loweruka limodzi lokha.

Boma lili ndi yankho lake lalifupi: mfuti ndi nambala. Ndi nambala imene inkalembedwa m'buku la gulu la nkhondo pafupi ndi dzina la msilikali, ndipo ndi nambala imene imalembedwa pa chiphaso lero. Yankholi limathandiza wosunga kaundula, koma silikhutitsa mtima, poti taona kale kuti nambala imadindidwa pa chitsulo chachilendo ndi nyundo.

Makolo a kuno anali ndi yankho lakuya kuposa limenelo, ngakhale sanalipereke pa mfuti. Amishoni a ku Scotland atafika mu 1876 kudzayamba Blantyre Mission, anapeza mfumu Kapeni. Lero Kapeni alipo. Si mdzukulu chabe wotchedwa dzina la agogo ake. Pa mwambo wolowa ufumu, wolowayo amakhala Kapeni yemweyo, amakhala pampando womwewo ndipo amayankhula ngati mwini malo amene anapatsa alendo aja pokhala. Ku Khulubvi, ku Nsanje, kachisi wa Mbona ndi wa mitengo ndi udzu. Akaola amamangidwanso ndi mitengo ina, udzu wina, manja ena, koma palibe Mmang'anja amene amati uyu ndi kachisi wachiwiri. Pa kaganizidwe aka chinthu chimakhala chomwecho chifukwa cha dzina, malo ndi ntchito yake. Mtengo ndi mnofu ndi zongobwereka.

Tikatsata makolo, mfuti ya FTR ija ndi yomwe ija ndithu. Mutu wa bolt watsopano walowa dzina. Koma mwambo womwewo uli ndi mbali ina imene okonda zinthu zakale safuna kuimva: wolowa dzina salowa ulemu wokha, amalowanso ngongole ndi milandu ya amene anapita. Mlandu suola.

Ndipo milandu ya mfuti za boma m'dziko muno siyochepa. Pa 9 September 1914 kunali nkhondo ku Karonga, Aafirika akuphana ndi Aafirika anzawo pa mkangano wa mafumu a ku Ulaya. M'busa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti magazi a osauka akukhetsedwa pa nkhondo yosawakhudza. Patangopita miyezi iwiri chilembereni kalatayo, usiku wa pa 23 January 1915, m'busa yemweyo anatuma anthu ake ku sitolo ya African Lakes ku Mandala, mtunda woyenda wapansi kuchokera ku Mbayani, kukafuna mfuti. Anapezako zochepa chabe. Asilikali a boma anagwetsa tchalitchi chake, ndipo iye anaomberedwa pa 3 February. Pa 3 March 1959 mfuti za boma zinaloza anthu opanda zida padoko la Nkhata Bay, ndipo m'nyengo yonse ya chipwirikiti ija anthu oposa 50 anaphedwa. Mfuti ya mtundu umodzi inateteza dziko lino kwa adani a Angerezi, inatetezanso Angerezi kwa eni dziko. Buku la manambala silinena kuti nambala yakutiyakuti inaloza yani.

Pali chinanso. Mawu oti mfuti ya agogo ndi okoma, koma msilikali wa KAR analibe mfuti. Inali ya Mfumu ya ku England, yobwereka, ndipo nkhwangwa yobwereka sikhala kuguluka: kutaya ngakhale kabotolo ka oilo kunali mlandu. Nkhondo itatha ankaibweza, iye n'kubwerera kumudzi ndi mendulo ndi nkhani. Pa nkhondo yoyamba ija amene anagwira mfuti anali ochepa poyerekeza ndi amtengatenga, pafupifupi 200,000, amene anasenza katundu pamutu, ambiri atagwidwa mokakamiza, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Melvin Page, amene anayenda m'midzi m'zaka za m'ma 1970 kumva nkhani za otsala, ndiye anasunga mawu a ena mwa iwo m'buku lake lotchedwa The Chiwaya War. Enawo sanasiye kalata kapena chithunzi.

Apa ndi pamene funso la anthu anzeru limasanduka la anthu opemphera. Kodi n'koyenera kuchiritsa chida chopangidwira kupha? Yankho lofulumira, lomveka m'maulaliki ambiri, n'lakuti tchimo lili mumtima, chitsulo chilibe mlandu. Chikwanje chimene chimalambula munda ndi chomwecho chimene achifwamba amayenda nacho usiku. N'zoona, koma fanizoli limatsimphina. Chikwanje chili ndi ntchito ziwiri. Lee-Enfield inapangidwa ndi poikira mpeni kumlomo kwake, ndipo palibe anailingalira kuti idzalambule munda.

Buku Lopatulika nalo silipereka yankho limodzi. Yesaya ndi Mika akuona tsiku limene mitundu idzasula malupanga kukhala zolimira. Yoweli, pa mutu 3, akuitana anthu kuti achite zotembenuza, asule zolimira zikhale malupanga. Koma nkhani yoyandikira kwambiri mfuti yakale ili pa 1 Samueli 21. Lupanga la Goliati linasungidwa m'malo opatulika ku Nobu, lokulungidwa m'nsalu, ngati chikumbutso cha chipulumutso.  Davide atafika akuthawa Sauli, wanjala ndi wopanda chida, wansembe Ahimeleki anamupatsa mkate wopatulika ndi lupangalo. Mutu wotsatira ukusimba kuti Sauli atamva, ansembe 85 anaphedwa tsiku limodzi. Wolemba nkhaniyo sakudzudzula Ahimeleki chifukwa chosunga lupanga, koma owerenga sangalephere kuona kuti chikumbutso chosungidwa chili chakuthwa chinangodikira wochifuna.

Anansi athu a ku Mozambique anakumana ndi funsoli pa mlingo woopsa. Nkhondo ya pachiweniweni itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira kuno anayamba kubwerera kwawo, koma mfuti zinatsala zokwiriridwa m'minda ndi m'matchire, zina n'kuoloka malire kudzavutitsa Amalawi. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, kudzera ku bungwe la mipingo la Christian Council of Mozambique, anayambitsa ntchito yosinthanitsa: munthu wobweretsa mfuti ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo sankazikonza, ankazidula. Zidutswa zake amisiri a ku Maputo anaziwotcherera kukhala zosema, ndipo mpando umene Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anapanga ndi mfuti zodulazo mu 2001 uli ku British Museum ku London. Woyang'ana mpandowo amazindikira thako la AK-47 ndi mpope wake, koma palibe angaombere nawo. Chitsulo ndi chomwe chija, dzina lafa. N'chosemphana ndendende ndi mfuti ya FTR, imene chitsulo chinapita dzina n'kutsala.

Njira ya Sengulane ndi yoyenera mfuti zikakhala zambiri, zamoyo, m'manja mwa anthu a njala. Koma Lee-Enfield imodzi ya zaka 80 kapena 100, yosungidwa ku nyumba ya zinthu zakale ngati ya ku Chichiri kapena m'nkhokwe ya asilikali, ndi nkhani ina. Kuidula kungakhale kupha mboni. Kuikonza kuti inyezimire n'kuomberanso bwino kungakhalenso kupha mboni, mwanjira yaulemu chabe, ndipo apa ndi pamene okonza ambiri amalakwa ndi mtima wabwino. Pamene thabwa lada ndi kusalala pogwira dzanja lamanzere, pamene utoto wa chitsulo wayera pa kabulunga ka bolt, pamene mlomo wa mpope wapalika ndi chingwe cha munthu woopa sajeni, ndi pomwe pali zolemba za anthu amene sanalembe kanthu. Wopala thabwalo ndi sandipepa kuti likongole wafufuta dzanja la msilikali, ngakhale nambala ikhale yomweyo.

Osunga zinthu zakale amasiyanitsa kuletsa kuonongeka ndi kubwezeretsa unyamata. Dzimbiri lofiira, limene likudyabe chitsulo, amalichotsa mosamala n'kupaka kotchinga chinyezi. Chiswe ndi tizilombo toboola mtengo amazithamangitsa, thabwa long'ambika amaligwirizitsa kuti mng'alu usapitirire. Koma kambedza koperepeseka amakasiya, chifukwa kuperepeseka kwakeko ndiko kukunena kuti mfutiyi inaombedwa kangati. Asilikali nawonso anali ndi njira yofanana nayo: mfuti yotha moti singaomberenso bwinobwino ankaidinda DP, n'kuisiyira ophunzira perete. Inkakwera paphewa, inkatsika, inkamenyedwa pansi pochita sawasha, koma chipolopolo sichinkalowamonso.

Wina anganene kuti uku ndi kukonda zinthu mopitirira, kuti chitsulo ndi chitsulo basi. Koma mpingo umene umasunga njerwa za St Michael and All Angels, zimene anthu osaphunzira zomanga anaumba ndi kuyala pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, umadziwa kuti njerwa yodyeka ndi mvula ili ndi chonena chimene yatsopano ilibe. Kusiyana kwake n'kwakuti tchalitchi chikakonzedwa chimabwerera ku ntchito imene aliyense amaifuna. Mfuti ikakonzedwa imabwereranso ku ntchito yake.

Mlenje wa chiphaso amene amagwiritsabe ntchito 303 yakale ali pa mlandu wina, ndipo kwa iye chifundo chimafuna zotembenuza. Mfuti imene ikuomberedwa iyenera kukhala yolimba, chifukwa kampata kaja kakakula wovulala ndi mwini wake, ndipo mfuti yophonya imasiya nyama yolasidwa ikuvutika m'tchire. Iye asinthe kambedza, ayezetse bolt kwa mmisiri wodziwa ndi wololedwa, ndipo avomereze kuti akusunga chida osati chikumbutso. Chosatheka ndi kufuna zonse ziwiri pa mfuti imodzi, kuti ikhale mboni yosakhudzidwa ya ku Burma komanso iziomba ngati yatsopano. Ntchitoyi si ya owotcherera a m'mbali mwa msewu, ngakhale aluso chotani, ndipo lamulo la dziko lino silisiyanitsa mfuti yadzimbiri ndi yonyezimira: yopanda chiphaso, kaya yafukulidwa m'munda kaya yapezeka kudenga kwa malemu, malo ake ndi kupolisi.

Mwezi wa November uliwonse, pa chipilala cha KAR ku Zomba, lipenga limalira ndipo akuluakulu amaika nkhata za maluwa. Asilikali a nkhondo yoyamba anatha kale, a yachiwiri atsala owerengeka. Gulu lawo linasintha dzina mu 1964 kukhala Malawi Rifles, mbendera inasintha, mfuti zinasintha, anthu onse anasintha, koma olowa m'malo amaimabe pa perete ngati eni mbiri imeneyo, ya ku Karonga ndi ku Burma pamodzi ndi ya 1915 ndi 1959. Pa Lee-Enfield zotsala, kachitseko ka kuthako kamatsegukabe ndi chikhadabo. Mu zina mulibe kanthu. Mu zina kabotolo ka oilo kakadalimo, ndi chingwe chokulungidwa mmene anachikulungira munthu womaliza kutsuka mpopewo.